Theka la Piritsi

Lachiwiri, 4 Malichi

Atigoneka 11 koloko. Wodi ya ana, bedi 9, pafupi ndi zenera losatseguka. Kope ili ndi lomwe ndimalembamo miyeso ya mageti kuntchito. Ndalitembenuza, ndayambira kumbuyo. Ndizilemba zonse chifukwa mutu wanga sukusunga kanthu.

Wodwala ndi mwana wanga woyamba, wamkazi, wa zaka zisanu. Kunyumba timamutchula Abwana poti amalamula aliyense, ndi nkhuku zomwe. Mayi ake sangabwere. Achira ndi opaleshoni, lero tsiku la 12, khanda lili kubere. Ndiye womudikirira ndine.

Mmene zinayendera. Pa 10 Febuluwale anagwa kachitatu, kuphupha, thovu kukamwa, kudziluma lilime. Kuchipatala chaching'ono anati ndi khunyu. Anatipatsa mapiritsi oyera, limodzi m'mawa, limodzi madzulo. Adokotala akumeneko anandiloza ndi chala: "Bambo, awa osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi. Mukasiya mwadzidzidzi akhoza kugwa osadzukanso." Sindinadumphitse. Sanagwenso.

Lachinayi lapitali thupi linatentha, maso psuu. Loweruka timadontho pachifuwa. Tinati ndi chikuku. Tinabwerera komweko, anatipatsa panado ndi mankhwala amadzi a pinki. Dzulo milomo inasweka. Lero matuza.

Dokotala wa kuno ndi wamtali, amayankhula akuyenda. Anakhudza phewa la mwana ndi chala, khungu n'kutsetsereka ngati la tomato woviikidwa m'madzi otentha. Ine ndimawotcherera zitsulo, kupsa ndimakudziwa. Uku ndi kupsa kopanda moto.

Anati, "Si chikuku ichi. Thupi lakana mankhwala, ndipo ndikuganizira a khunyu aja. Onse a kunyumba musiye lero lomwe." Ndinati, nanga akagwa? Anali atatembenukira kale kwa ophunzira ake, akuyankhula Chingerezi. Anapita ku bedi 10.

Kutentha 39.4. Dilipi kudzanja lamanja.

6 koloko madzulo, nthawi ya piritsi. Paketi ili m'thumba langa la buluku. Ndinakhala nayo m'manja nthawi yaitali. Dokotala mmodzi anati osasiya. Wina akuti siyani. Onse ovala zoyera. Kugwa kwa mwanayu ndinakuona ndi maso anga katatu, wamtaliyu sanakuonepo. Achimwene amene anandiphunzitsa ntchito amati ukapatsidwa miyeso iwiri yosiyana, dula pakati, kumakhala kosavuta kukonza. Ndakoka katani, ndathyola piritsi pakati, ndaphwanya theka pasupuni ndi madzi. Walira pomeza, koma wameza.

Lachitatu, 5 Malichi

Mwamuna m'wodi muno ndine ndekha. Mabedi 24, amayi 23. Kochapira zovala ndikalowa nkhani zimaduka, ndiye ndimachapa pampopi wa panja. Mayi a bedi 8, amene amagulitsa nsapato pamsika, andipatsa dzina. "Amayi Andevu, mwadzuka bwanji? Bere lakuchulukirani?" Wodi yonse kuseka. Ndaseka nawo, koma kuseka kwake kwathera pomwepo. Mwana wawo ali ndi chibayo, akupezako bwino.

Dongosolo la pano: 5 koloko kukolopa, tonse panja. 6 kuyeza kutentha. 8 mankhwala. 9 madokotala. Masana phala. Alendo 12 ndi 5.

Theka m'mawa, 6:20, anesi atadutsa.

8 koloko anesi amupatsa mankhwala amadzi ofiira, 5 ml. Dzulo madzulo anamupatsanso omwewo. Sindinafunse, amathamanga. Mayi Wansapato akuti, "Ofiira amenewo ndi owonjezera magazi, wanga anamwapo." Chabwino.

Atsuka zilonda 10 koloko. Anandiuza ndimugwire miyendo. Amaika nsalu zamafuta, pamwamba bandeji. Anakuwa mpaka mawu kutha. Ananditchula katatu. Ndinali pompo, koma maso ake amatirira ndi manthongo, samandiona.

Mankhwala a m'maso, dontho limodzi diso lililonse, maola awiri aliwonse. Ntchito imeneyi andisiyira ine. Ndatchera foni kuti izilira.

Mayi ake anaimba. Ndati ali bwino pang'ono. Anafunsa ngati wagwa. Ndati ayi.

Theka madzulo. Kutentha 39.1.

Lachinayi, 6 Malichi

Kukamwa konse zilonda. Ngakhale madzi akubwerera. Amuika kapaipi m'mphuno kofika m'mimba. Anesi wamkulu, amene onse amamuti Sisitala, wandiphunzitsa kumwetsa mkaka ndi sirinji, 120 ml maola atatu aliwonse, pang'onopang'ono, kenako madzi otsukira. Anayang'ana manja anga n'kuti, "Muli ndi dzanja labwino bambo, kuposa azimayi ena muno." Aka ndi koyamba munthu kundiyamikira chibwerereni.

Theka la m'mawa ndalisungunula mumkaka. Tsopano salira nalo.

Masana kunabwera mayi wa ku famase, wamagalasi, atanyamula fomu yachikasu. Anakoka mpando n'kukhala pansi. Pano palibe wovala zoyera amene anakhalapo pansi poyankhula nane.

Anati ntchito yake ndi kulondola mankhwala akavulaza munthu. Fomuyo imapita ku ofesi yaikulu kumene amasonkhanitsa nkhani zotere za m'zipatala zonse. "Mankhwala awa amathandiza ana ambirimbiri. Koma mwa ambiriwo pamapezeka mmodzi amene thupi lake limawakana chonchi. Sitingamudziwe asanamwe. Chimene tingathe ndi kulemba molondola, kuti wotsatira timugwire msanga."

Anafunsa tsiku loyamba kumwa. Ndinatsegula kope, 10 Febuluwale. Tsiku la kutentha thupi, la timadontho, la a pinki aja, zonse ndinayankha. Anamwetulira, "Makolo onse akanamalemba chonchi, bwenzi ndikuweruka masana."

"Tsiku lomaliza kumwa oyera aja?"

Ndinatseka kope. Ndinati Lachiwiri m'mawa.

Analemba. Anapempha paketi, akuti pali nambala yofunika. Ndinati ili kunyumba. Inali pantchafu panga, ndimaimva.

Achimwene anabwera 5 koloko ndi buledi ndi nthochi. Anaima kumapazi kwa bedi mphindi ziwiri, kenako anati akufuna mpweya. Panja anandiuza za geti la kusukulu limene latsala mahinji. Za mwana sanafunse. Sindikuwada, nkhope ya Abwana panopa si yoyang'anika.

Nthochi ndagawira a bedi 8. Buledi ndadyera pamasitepe.

Theka madzulo. Sanagwe. Kutentha 39.6.

Lachisanu, 7 Malichi

Theka m'mawa.

Matuza atsopano kumsana ndi kuntchafu. Pomutembenuza khungu linatsalira pansalu, kukula ngati chikhatho changa.

9 koloko dokotala wamtali anaima nthawi yaitali pa bedi lathu. Lero sanayende. Anatsegula fayilo, kutseka, kutsegulanso. Anauza Sisitala m'chiyankhulo chathu, mwina anaiwala kuti ndilipo: "Masiku atatu chisiyireni, koma zikutulukabe ngati akumwabe. Mwina ndi ofiirawa. Awa a madzulo musamupatse, tiwaone kaye."

Atachoka ndinatsatira Sisitala mpaka patebulo lawo. Ndinati pepani, ofiira aja si owonjezera magazi?

"Magazi? Ndani wakuuzani? Amenewo ndi a khunyu, tinamuyambitsa Lachiwiri lomwe lija m'malo mwa oyera. Mumaganiza kuti tingamusiye mwana wa khunyu chabechabe?"

Ndinati sanandiuze.

"Zili mufayilo."

Ndinabwerera pa bedi. Foni inalira, ndinadontheza m'maso. Ndinamwetsa mkaka wa 12 koloko. Manja amagwira ntchito okha.

Ndiye masiku onsewa anali otetezedwa kale. Matheka anga asanu ndi limodzi sanatchinge kanthu. Ndipo tsopano akufuna kuchotsa mankhwala abwino, mlandu wa ine kuupachika pa iwo. Akachotsa, agwa zenizeni, ali ndi kapaipi m'mphuno, alibe khungu kumsana. Ndipo fomu ija ipita kutali ndi bodza langa, akanamizire mankhwala osalakwa.

Ndinapempha Mayi Wansapato andiyang'anire mwana. "Pitani Amayi Andevu, mukadzole mafuta."

Famase ili kuseri, kudutsa kojambulira mafupa. Mzere unali wautali. Ndinaima pamzere ngati wodzatenga mankhwala, anthu 31 patsogolo panga. Nditafika pazenera ndinapempha mayi wamagalasi. Anabwera. Ndinalowetsa kope pazenera, nditatsegula pa Lachiwiri, paketi pamwamba.

Anawerenga ataimirira. Anatsegula tsamba lina. Anathira mapiritsi pathireyi, anawerenga ndi kampeni kake.

"Lomaliza liti?"

"Lero, 6:20."

Sanandikalipire. Anavula magalasi, anapukuta, anati, "Tiyeni." Amayenda mothamanga moti ine wa miyendo yaitali ndimatsalira.

Dokotala anakalipa. Zambiri sindinamve. Ndinamva zoti, "Mukufuna kumupha?" Sisitala anakhuthula chikwama changa pa bedi pamaso pa wodi yonse, malaya, sopo, kabudula wamkati, tepi yoyezera. Anandipisa ndi m'matumba momwe. Sirinji andilanda, mkaka azimwetsa anesi.

Ofiira apitiriza. Ndaona ndi maso anga akumupatsa 8 koloko.

Kope andibwezera madzulo. A bedi 8 akoka katani yawo.

Loweruka, 8 Malichi

39.8. Dilipi yachiwiri kuphazi. Jakisoni wa mafinya katatu patsiku. Sakuyankhula.

Palibe wanditchula Amayi Andevu lero.

Lamulungu, 9 Malichi

39.5. Amusamutsira kachipinda kayekha kuti asatenge matenda a ena. Ndimavala chovala chobiriwira ndi chophimba pakamwa. Madontho a m'maso andisiyirabe, chifukwa anesi ndi awiri okha pa ana 24.

Kunabwera anthu a mapemphero m'wodi. Ndimawamva kudzera pakhoma. Kuno sanalowe, pachitseko alembapo zoletsa.

Mayi ake anaimba kawiri. Sindinayankhe. Ndinalemba uthenga kuti tili ndi madokotala.

Lolemba, 10 Malichi

38.9. Matuza atsopano palibe. Ndayang'ana paliponse pomwe amatsegula bandeji. Palibe.

Kwabwera dokotala wa maso, mayi wachikulire wosayankhulayankhula. Ali ndi kandodo kagalasi kamene amalowetsa pansi pa chikope kuti chisamatirire ku diso. Ndinagwira mutu. Akuti lamanja lili bwino. Lamanzere anangoti, "Tiona."

Ine diso linandipsapo ndi moto wowotcherera, masiku awiri ngati muli mchenga. Ndinali ndi zaka 19 ndipo ndinalira. Uyu ali ndi zisanu.

Lachiwiri, 11 Malichi

38.2. Sabata yakwana.

Mayi Wansapato atuluka lero. Ndinawaona pazenera la chitseko atabereka mwana, chikwama pamutu. Anadutsa. Kenako anabwerera, anagogoda pagalasi ndi chala, anasiya botolo la tiyi pansi pakhomo, anapita. Botolo ndilibe kobwezera.

Lachinayi, 13 Malichi

Dzulo sindinalembe, ndinagona pampando masana onse pakati pa madontho.

37.8. Khungu latsopano likuoneka paphewa, lofiirira, lowala ngati la khanda. Milomo ikuuma, nkhanambo zakuda zikugwa zokha. Akuti ndisamatule.

Masana ndikupukuta pachibwano anayankhula. Mawu ngati a nkhalamba. "Ababa, mukununkha."

Ndinapita pampopi ndi sopo. Ndinasamba mutu ndi m'khwapa anthu akudutsa. Abwana alamula.

Lachisanu, 14 Malichi

Mayi wa ku famase wabweranso, wavala chobiriwira, wakhala pansi. Fomu yoyamba anaing'amba, walemba ina. Anandiwerengera yonse. Dzina la mankhwala ndi kabamazepini. Tsiku lomaliza, 7 Malichi. Pansi pali malo olembapo zina. Analemba kuti bambo anapitiriza theka kwa masiku atatu chifukwa anauzidwa kale kuti asasiye, ndipo m'wodi palibe amene anamufotokozera kuti mwana wapatsidwa mankhwala ena m'malo mwake.

Ndinati chachiwiricho chotsani, a Sisitala angakwiye, mwana akadali m'manja mwawo.

"Akwiya kale. Dokotala nayenso. Koma zinachitika kapena sizinachitike?"

Ndinati zinachitika.

"Ndiye zikhala. Zanu sindinachotse, zawo ndichotserenji?"

Kenako ndinafunsa chimene chandikhala pakhosi sabata yonse. Ndinati mayi, diso lija, ndi matheka anga?

Anati matendawa anayamba ndisanalakwitse kalikonse, ndipo ena maso amawonongeka ngakhale atasiya tsiku loyamba. Koma anatinso kusiya msanga kumathandiza, zimenezo n'zodziwika. "Kuti ndikuuzeni kuti si inu, ndinama. Kuti ndikuuzeni kuti ndi inu, ndinamanso. Palibe makina oyezera zimenezo, bambo."

Ine ndinazolowera kuti chinthu chikapindika umaika tepi n'kudziwa palakwika. Ichi ndizingoyenda nacho.

Sirinji andibwezera. Sisitala anangoiika patebulo, "120, mukudziwa kale."

Loweruka, 15 Malichi

37.2. Kapaipi achotsa. Phala lamadzimadzi masupuni 9. Anafuna shuga wambiri.

Ndaimbira mayi ake masana, ndili pamasitepe. Ndawauza zonse mwadongosolo, ngati mmene zilili m'kope, masiku ndi maola. Sanandidule. Nditamaliza ndimangomva khanda likuyamwa.

Ndinati, mwamva?

"Ndamva."

Kenako anati khanda labzikula, aimbanso. Sanaimbenso.

Lamulungu, 16 Malichi

Achimwene abwera ndi jumbo yochokera kunyumba. Diresi lachikasu la Abwana, lofewa lija, chipewa, ndi kansalu kophimba kudzuwa. Pansi penipeni malaya anga abuluu, ochapa, osita. Kalata munalibe. Ndafufuza kawiri.

Achimwene lero analowa, anavala chobiriwira. Abwana anawauza kuti aoneka ngati chule. Anaseka, kenako anatulukanso kukafuna mpweya.

Lachiwiri, 18 Malichi

Atibwezera m'wodi, bedi 15. Nkhope zonse ndi zatsopano. Pa bedi 9 pali mwana wa khunyu, mayi ake wamng'ono kuposa ine. Ndinaona Sisitala ataima pamenepo ndi botolo m'manja, akumuonetsa: awa ndi a chakuti, aja musiye chifukwa chakuti, mwamva? Bwerezani ndimve. Podutsa pa ine sanandiyang'ane.

Bandeji zatsala kumsana kokha. Zikhadabo ziwiri zagwa, akuti zidzamera. Khungu lidzakhala la mawangamawanga miyezi ingapo. Osamuika padzuwa, kumudzoza mafuta kawiri patsiku.

Wayenda mpaka pakhomo la wodi ndi kubwerera. Waponda ka 40.

Lachinayi, 20 Malichi

Kwa dokotala wa maso, chipinda chamdima. Anamutseka lamanzere. Zala zingati? Zitatu. Izi? Chimodzi. Ichi ndi chiyani? "Galimoto, koma yonyansa." Dokotala uja anaseka, koyamba.

Anamutseka lamanja. Zala zingati?

"Mwazimitsa magetsi."

Anayatsa tochi pafupi. Anati akuona kuwala. Kumene kukuchokera analoza molakwika.

Pagalasi la diso pali chipsera choyera. Akuti tibwere mwezi uliwonse. Mwina chichepa, mwina akadzakula kudzapezeka chochita. Madontho apitirire kanayi patsiku, misozi yake siikwanira yokha. Ndinalemba zonse. Ndinafunsa kawiri chilichonse, ndipo anayankha kawiri.

Lachisanu, 21 Malichi

Atitulutsa.

Mankhwala opita nawo: ofiira 5 ml m'mawa ndi madzulo. Madontho kanayi. Mafuta a khungu. Wa ku famase watipatsa khadi lolembedwa ndi zilembo zofiira, dzina la mankhwala aja ndi ena awiri apachibale pake amene sayenera kumwa moyo wake wonse. Akuti tizilionetsa paliponse, ngakhale kochotsa dzino. Anati fomu inapita Lolemba. Ndinafunsa ngati amayankha. Akuti kawirikawiri ayi, imangokalowa m'gulu la zinzake.

Ndinafunsa chimene ndinayenera kufunsa kalekale: wina akadzati siyani ofiirawa, wina n'kuti musasiye? Anati, "Mudzaime pakhomo osasuntha mpaka mmodzi akufotokozereni. Akakwiya akwiye."

Mayi ake atumiza uthenga: "Mufika nthawi yanji, ndiike madzi." Ndi wokhawo chiyambire Loweruka. Ndayankha kuti 3 koloko.

Ndamuveka diresi ndi chipewa. Anakana kuberekedwa, akuti ayenda yekha. Potuluka m'wodi anagunda phewa lamanzere pachitseko. Pakhonde anagundanso trole ya zakudya, mbali yomweyo. Sanalire, anangoikalipira troleyo.

Ndinasamutsa chikwama, ndinazungulira kumbuyo kwake, ndinayamba kuyenda kumanzere, pakati pa iye ndi khoma. Tinayenda pang'ono. Anaima, anayang'ana kumanja kumene ndinali poyamba.

"Ababa, muli kuti?"

Ndinati ndili konkuno.

"Sindikukuonani."

Ndinati ndikudziwa. Ndinamugwira dzanja, tinapitirira.